PHUNZIRO 6: SEWERO LOTILOWETSA M'MOYO WA MNZATHU

CHOLINGA CHA PHUNZIROLI

Pomaliza phunziroli tikhale titadziwa:

1. kusiyana kwa sewero longoonerera ndi sewero limene oonerera amalowamo;
2. chifukwa chake kumva zimene mnzathu akumva ndi chiyambi cha chilungamo ndi chitukuko;
3. momwe tingakonzere sewero lotere mu mphakati kapena limana lathu, ndi kugwirizana chochita pambuyo pake.

MAU OYAMBA

Abale ndi alongo, ambiri a ife tidayendapo Njira ya Mtanda ya pa Lachisanu Loyera, ija achinyamata amaichita ngati sewero. Wosenza mtanda ndi mnyamata wa konkuno. Timamdziwa, mwina dzulo lomweli tidakwera njinga yake ya kabaza pa Ntaja. Asilikali aja ndi ana athu omwe. Palibe amene sadziwa kuti zimenezi ndi zoyerekeza chabe. Komabe mnyamatayo akagwa kachitatu timamva amai akusisima, ndipo abambo ena amayang'ana kumbali kuti misozi isaoneke.

Chimachititsa ndi chiyani? Nkhaniyi tidaimva kambirimbiri ikuwerengedwa m'tchalitchi. Kusiyana kwake ndi kwakuti tsiku limenelo sitikhala pa benchi. Timayenda nawo, dzuwa limatiotcha, timagwada pa miyala, ndipo khamu lija la ku Yerusalemu timakhala ife tomwe. Nkhani imene munthu walowamo imamgwira mtima kuposa imene wangouzidwa.

Tsono funso la phunziro lino ndi ili: ngati sewero lingatilowetse m'masautso a Ambuye athu, kodi silingatilowetsenso m'moyo wa mnzathu wokhala kuseri kwa nyumba yathu?

1. TIONE ZIMENE ZIMACHITIKA PAKATI PATHU

Tikasonkhana kuti tikambirane za chitukuko, kawirikawiri olankhula amakhala omwewomwewo: amfumu, apampando, alembi, ndi abambo awiri atatu odziwa kuyala mfundo. Amene vutolo likuwakhudza amakhala kumbuyo ali duu, kapena sabwera nkomwe. Timakamba za atsikana osiya sukulu popanda mtsikana ndi mmodzi yemwe. Za mjigo wowonongeka amagamula ndi abambo amene sadasenzepo ndowa. Gogo amene akunamiziridwa ufiti, mnzathu wachialubino amene amaopa kuyenda yekha, mai amene mwamuna wake adapita ku Joni osatumizanso kanthu, onsewa timawakamba koma sitiwamva.

Chifukwa chosamva mbali yao timafulumira kuweruza. Timati: "Ndi ulesi umenewo." Kapena: "Makolo ake sasamala." Motero mfundo zimene timamanga zimathera m'kope la alembi, pakuti sizidafike pa muzu wa vuto.

Masewero timachita kale pa zikondwerero ndi pa misonkhano. Koma ambiri amayenda motere: osewera amadziwiratu yankho, oonerera amaseka, ndipo pomaliza wina amaimirira nanena kuti phunziro lake ndi lakutilakuti. Anthu amaomba m'manja nabalalika. Sewero lotere silolakwika ai, koma limasiya oonerera panja.

Sewero limene tikukamba pano lili ndi zizindikiro zitatu:

(a) Nkhani yake imachokera kwa anthu a pamalopo, osati m'buku kapena mu ofesi.
(b) Limaima pamene zinthu zafika povuta, yankho lisanapezeke.
(c) Woonerera amaitanidwa kulowa m'bwalo, kutenga malo a munthu wovutikayo ndi kuyesa yekha kupeza potulukira.

2. NJIRAYI SI YACHILENDO KWATHU KUNO

Munthu amene adatchukitsa njirayi pa dziko lonse ndi Augusto Boal wa ku Brazil, amene adabadwa mu 1931 namwalira mu 2009. Iye ankachita zisudzo pakati pa anthu osauka, ndipo boma la asilikali lidammanga mu 1971. Mu 1973, ali ku Peru, ankachititsa masewero amene oonerera ankauza osewera choyenera kuchita. Tsiku lina mai wina adapereka maganizo ake, koma osewera atayesa kangapo iye sadakhutire. Pamenepo Boal adamupempha kuti akwere yekha pa nsanja adzaonetse chimene akutanthauza. Maiyo adakweradi, ndipo Boal adazindikira kuti woonerera akhoza kukhala wosewera. Zambiri adatengera kwa mphunzitsi wa kwao komweko, Paulo Freire, amene ankanena kuti munthu wosauka asamatengedwe ngati nkhokwe yopanda kanthu yoti anthu ophunzira azithiramo nzeru.

Kuno ku Malawi ntchito yofanana nayo adaiyamba ndi aphunzitsi ndi ophunzira a zisudzo a ku Chancellor College ku Zomba, pakati pao a Christopher Kamlongera ndi a David Kerr. Mu 1981 gulu lao loyendayenda lidapita ku Mbalachanda m'boma la Mzimba, kumene lidapanga masewero ochokera pa zimene lidamva kwa anthu a kumeneko. Kuyambira cha m'ma 1985 gululi lidagwira ntchito ndi a zaumoyo a ku Liwonde m'midzi ya ku Mwima ndi ku Mbela. Nthawi imeneyo Balaka ndi Machinga linali boma limodzi. Adaligawa mu 1998. Nkhani zake zinali za madzi, zitsime, zimbudzi ndi matenda otsekula m'mimba. Ophunzirawo ankayamba acheza ndi anthu, kuphunzira nyimbo ndi magule ao. Sewero likafika pa mkangano, wosewera ankatembenukira kwa anthu nafunsa maganizo ao, ndipo zokambirana zinkayambira pomwepo.

Tisaiwale kuti amenewo anali masiku a chipani chimodzi. Lamulo la 1968 linkafuna kuti sewero liyambe launikidwa ndi bungwe la boma lisanaonetsedwe, ndipo kudandaula poyera kunali koopsa. Bwalo la sewero lidapatsa anthu kampata kolankhulira. Ife tili ndi mwayi woposa pamenepo. Kalata ya Maepiskopi athu imene idawerengedwa pa 8 Marichi 1992 ndi riferendamu ya pa 14 Juni 1993 zidatsekula njira, ndipo Malamulo Aakulu a dziko lino, m'gawo 35 ndi gawo 38, amatipatsa ufulu wolankhula zakukhosi ndi wosonkhana mwamtendere.

Mu 1994, chaka chimene maphunziro a pulayimale adakhala aulere ndipo ana oposa miliyoni imodzi adawonjezereka m'sukulu, ntchito ya GABLE idayamba kampeni yolimbikitsa maphunziro a atsikana. Kampeniyi idayambira m'boma lathu lino la Machinga isanafalikire dziko lonse. Ophunzira a ku Chancellor College ankagona m'midzi masiku angapo, kufufuza zimene zimalepheretsa atsikana kupitiriza sukulu, kenaka nkuzionetsa m'sewero kuti makolo, mafumu ndi aphunzitsi akambirane ndi kumanga chochita. Bungwe la CRECCOM, limene lidakhazikitsidwa ku Zomba mu 1999, lidachokera ku ntchito imeneyi. Mwina pakati pathu alipo akuluakulu amene adaonerera masewero amenewo, tiwapemphe atifotokozere.

3. CHITSANZO CHA SEWERO

Tiyerekeze kuti mphakati wathu wakonza sewero ili. Mtsikana wa zaka 15 ali mu Sitandade 7. Ndi mwezi wa Januwale, ndipo chimanga chidatha kalekale. Mnyamata wina wabwera kuchokera ku Joni ndi foni, ndalama ndi thumba la ufa, ndipo akufuna banja. Amalume, amene ndi mwinimbumba, avomera. Mai a mtsikanayo sakufuna, koma ali ndi ana ena anai ndi mphika wopanda kanthu. Mtsikana akayesa kulankhula, akumudula. Pamene akumutulutsa m'nyumba ndi kachikwama kake, wotsogolera aimitsa sewero nafunsa: "Kodi zotere zimachitika kuno? Ndani angalowe m'malo mwa maiwa kuti zinthu zithe mwina?"

Bambo wina amene amalankhula mokweza kuti mai ameneyu ndi wofooka aitanidwa. Amuveka chitenje, ndipo anthu aseka. Sewero liyambiranso. Koma wosewera amalume sakumufewera ai. Akumufunsa: "Mlongo, mukukana? Nanga ana awa adya chiyani usiku uno? Yunifolomu mugula ndi chiyani? Mukadwala mudzathamangira kwa yani, si kwa ine?" Bambo uja ayesa uku, ayesa uku, mpaka asowa chonena. Mau amene anali opepuka ali pansi pa mtengo, tsopano akulemera. Chiseko chija chatha.

Wachiwiri alowa, napita kukadandaula kwa amfumu. Wachitatu ayesa kuitana gulu la amai oyang'anira maphunziro a atsikana pa sukulu. Wachinai akumbutsa amalume za lamulo. Ndipo lamulolo lilipodi: lamulo la maukwati la 2015, ndi kusintha kwa Malamulo Aakulu kwa mu 2017, zidakhazikitsa kuti munthu wosakwana zaka 18 ndi mwana, sayenera kulowa m'banja. Kuyambira mu 1993 pali ndondomeko ya boma yolola mtsikana amene adatenga pathupi kubwerera ku sukulu akabereka.

Koma wina atha kufunsa kuti: ukwati taukana, nanga njala ija yatha? Funso limeneli ndi lofunika, ndipo ndi sewero lomweli limene lalitulutsa. Anthu ayamba kuona kuti mai uja si wofooka, ndiponso kuti amalume aja si chilombo, onse apanikizika. Pamenepo zokambirana zimasiya kuloza chala, nkuyamba kufunsa kuti: banki m'khonde yathu ingathandize bwanji banja lotere? Kodi mphakati ungalime munda wothandizira ana a sukulu? Ndani apite kukaonana ndi a komiti ya sukulu?

4. TIUNIKE NDI MAU A MULUNGU

Tiwerenge 2 Samuele 12:1-13. Mfumu Davide adatenga mkazi wa Uriya, naphetsa mwini wakeyo ku nkhondo. Mneneri Natani sadayambe ndi kumudzudzula. Adamusimbira nkhani ya munthu wolemera wa ziweto zambiri amene adalanda kankhosa kamodzi kokha ka mmphawi. Davide adalowa m'nkhaniyo, adamva kuwawa kwa mmphawi uja, napsa mtima, nagamula mlandu. Pamenepo Natani adamuuza kuti wolemera uja ndi iye yemwe. Davide adalapa chifukwa adayamba waima pamalo pa wolakwiridwa.

Pa Eksodo 23:9 Mulungu akuletsa Aisraele kuzunza mlendo, ndipo chifukwa chake ndi chakuti iwo omwe adakhalapo alendo ku Ejipito, akudziwa momwe mtima wa mlendo umamvera. Kalata ya kwa Ahebri 13:3 ikutilangiza kuti tizikumbukira am'ndende ngati kuti tamangidwa nao limodzi, ndi ozunzidwa ngati kuti thupi lozunzikalo ndi lathu. Koposa zonse, Mwana wa Mulungu sadatipulumutse ali patali. Adakhala munthu, adamva njala, adatopa, adalira pa manda a bwenzi lake (Yohane 1:14, 11:35, Afilipi 2:6-8).

Mpingo umaphunzitsanso chimodzimodzi. Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Gaudium et Spes cha 1965, udanena kuti zokondweretsa ndi zowawa za anthu, makamaka osauka, ndi zaonso ophunzira a Khristu. Papa Francis, m'kalata yake ya Fratelli Tutti ya 2020, adakhazika chiphunzitso chake pa fanizo la Msamariya Wachifundo.

Fanizo limenelo (Luka 10:25-37) lili ndi chenjezo kwa ife. Wansembe ndi Mlevi adamuona munthu wovulala uja, ndipo kapena mtima udawawawa, koma adapitirira. Msamariya adamva chifundo, kenaka adatsika pa bulu, namanga mabala, nalipira pa nyumba ya alendo. Sewero limene latiliza misozi koma osatisuntha phazi latisiya pa gulu la wansembe ndi Mlevi.

5. MOMWE TINGAKONZERE SEWERO LOTERE

1. Tisankhe anthu 6 kapena 8, amai ndi abambo, achinyamata ndi akuluakulu. Safunika akatswiri.
2. Tidziwitse Bambo Mfumu kapena akatekisti, ndi amfumu a m'mudzi, tisanayambe chilichonse.
3. Timvetsere. Kwa sabata imodzi kapena ziwiri tiziyenda awiriawiri kucheza ndi anthu pa mjigo, ku chigayo, ku msika ndi ku dimba. Tifunse pang'ono, timve zambiri. Paja amati safunsa adadya phula.
4. Tisankhe vuto limodzi lokha, limene latchulidwa ndi anthu ambiri ndipo mudzi ungathe kuchitapo kanthu.
5. Tipange sewero lalifupi, la mphindi 10 kapena 15, lopanda zolembalemba. Likhale ndi munthu mmodzi amene akufuna chinthu chabwino koma akulephera, ndipo zomulepheretsa zioneke bwino.
6. Tichitire pa bwalo, anthu atazungulira, osati pa nsanja. Tiyambe ndi nyimbo kapena gule wodziwika. Tilankhule chiyankhulo cha anthu ake, Chichewa kapena Chiyao.
7. Wotsogolera aimitse sewero pamene pavuta, afunse mafunso, aitane anthu kulowa mmodzimmodzi. Iye asapereke yankho, ndiponso asalole anthu awiri atatu okha kulanda bwalo. Apemphe makamaka amai ndi achinyamata.
8. Osewera ena asafewetse zinthu. Ngati amalume a m'sewero angovomera msanga, wolowayo saphunzira kanthu.
9. Tisanabalalike tilembe zimene tagwirizana: chochita, wochita ndi tsiku lake. Tipangane tsiku lodzakumananso kuti tidzaone pamene tafika.

6. ZOYENERA KUSAMALA

(a) Tisaulule munthu. Nkhani za mabanja angapo tiziphatikize, kuti pasapezeke wonena kuti akusewera zakuti ndi zakuti. Zimene tauzidwa mwachinsinsi zikhale zachinsinsi.

(b) Tisanyoze. Kuseka nkwabwino ndipo kumamasula anthu, koma kuyerekeza kayendedwe ka wolumala kapena kalankhulidwe ka mtundu wina kuti anthu aseke ndi kuwonjezera bala.

(c) Tisakakamize munthu amene adazunzidwa kusewera zimene zidamchitikira, kapena kuzisimba pa gulu. Ngati sewero lamukumbutsa zowawa, pakhale munthu wokhwima maganizo woti acheze naye pambali. Nkhanza zimene zatulukira, makamaka zochitikira ana, zikanenedwe kwa apolisi kapena kwa a zachisamaliro cha anthu.

(d) Tisadzinamize. Kuvala chitenje kwa mphindi zisanu sikutanthauza kuti tadziwa moyo wa mai. Ife timavula nkupita kwathu, iye amatsala ndi katundu wake. Choncho sewero litatha tifunse eni ake ngati taonetsa zoona, ndipo mau omaliza akhale ao.

(e) Tisasandutse bwalo kukhala la chipani. Ndi ufulu wathu kukamba za mankhwala osowa ku chipatala kapena mlatho wosamalizidwa, ndi kuitana khansala kapena phungu kuti adzamve. Koma zovala za chipani ndi nyimbo zake zitsale kunyumba.

(f) Tisadzipatule. Kuno ku Ntaja anansi athu ambiri ndi Asilamu, ndipo ena ndi a mipingo ina. Njala, kolera ndi ukwati wa ana sizifunsa chipembedzo. Tiitane mashehe, abusa ndi anankungwi, osati ngati oimbidwa mlandu koma ngati anzathu ofunafuna nao njira. Mutu umodzi susenza denga.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. Ndi anthu ati m'mudzi mwathu amene timawakamba kawirikawiri koma sitidawamvepo akulankhula okha pa msonkhano? Chimawaletsa ndi chiyani?
2. Kodi tidaweruzapo munthu, kenaka nkusintha maganizo titamva mbali yake? Wina atisimbire popanda kutchula dzina.
3. Chifukwa chiyani Natani adasankha kusimba nkhani m'malo mongodzudzula Davide?
4. M'chitsanzo cha mtsikana uja, inu mukadalowa m'malo mwa yani, ndipo mukadachita chiyani? Nanga amalume akadakuyankhani bwanji?
5. Chimasiyanitsa Msamariya ndi awiri aja ndi chiyani? Mphakati wathu ukufanana ndi uti?

TICHITEPO KANTHU

Lero lomwe tisankhe gulu lomvetsera ndi wotsogolera wake. Pa msonkhano wotsatira gululo lidzatiuze mavuto atatu amene lamva, ndipo tonse tidzasankhe limodzi. Sewero lichitike miyezi iwiri isanathe. Alembi asunge mfundo zimene tidzagwirizane ndi kuzipereka ku komiti ya chitukuko ya parishi, kuti miphakati ina iphunzireko. Makolo athu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tisadikire mawalo kuti tidziwe kulemera kwa katundu wa mnzathu.

PEMPHERO LOTSEKERA

Ambuye Yesu, Inu mudalowa m'moyo wathu, mudamva njala yathu ndi kusenza zowawa zathu. Tsekulani makutu athu kuti timve anzathu amene mau ao samveka. Tichotsereni mtima wofulumira kuweruza. Ndipo tikamva chifundo, tipatseni mphamvu zoti titsike ndi kumanga mabala, kuti midzi yathu ikhale malo a chilungamo ndi mtendere. Inu amene muli ndi moyo ndi ufumu mpaka muyaya. Amen.